Okumba mjigo ndi otunga madzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa chemwali wina amene wangomaliza kumene maphunziro a zamakompyuta, ndipo wayamba ntchito ku kabungwe kena kakang'ono ku Zomba. Wandilola kuti ndimuyankhe pano bola ndisatchule dzina lake. Nkhani yake ndi iyi:

"Amene amatiyang'anira kuntchito ndi bambo a zaka za m'ma 50. Ndinalemba kapulogalamu kokumbutsa masiku a katemera wa ana a kusikelo, n'kukaika pa GitHub, webusayiti yogawanirana mapulogalamu, kuti aliyense wofuna atenge. Atakaona anakhumudwa, osati chifukwa ndagawira anthu, koma chifukwa sindinaikepo laisensi. Nditati ndiikapo ya MIT, anati ayi, ndiike GPL, ndipo anandilalikira za ufulu mpaka nthawi ya nkhomaliro inadutsa. Ine ndimangofuna kuti chinthu chigwire ntchito. N'chifukwa chiyani akuluakulu amaitenga nkhaniyi ngati chipembedzo? Ndi ukalamba chabe, kapena pali chimene ife sitikuchiona?"

Chemwali, zikomo pondikhulupirira ndi funso limeneli. Si ukalamba ayi. Ine msinkhu wanga uli pakati pa inu ndi abwana anuwo, ndipo chimene ndaona n'chakuti munthu amakakamira chinthu chimene anamanidwapo. Abwana anuwo tsiku lina, pa ntchito inayake, anamanidwa source code, malemba amene pulogalamu imapangidwira, ndipo zinawapweteka. Inu simunamanidwepo. Kusiyana kwanu kwagona pamenepo.

Nkhaniyi inayambira ku America. Cha m'ma 1980, ku yunivesite ya MIT kunabwera pulinta yatsopano ya Xerox imene inkakonda kutsamwa mapepala. Richard Stallman, mmodzi mwa olemba mapulogalamu kumeneko, anali atathanapo ndi vuto lotere pa pulinta yakale: anasintha pulogalamu yake kuti ikatsamwa izidziwitsa onse amene akudikira mapepala awo. Atafuna kuchita chimodzimodzi ndi yatsopanoyo, anapeza kuti source code, malemba aja amene munthu amatha kuwerenga n'kusintha, sanapatsidwe. Anapita kwa katswiri wina wa ku yunivesite ya Carnegie Mellon amene anali nayo, koma uja anakana, ati anasayinira kuti sadzaonetsa munthu. Stallman zinamuwawa kwambiri, chifukwa anakulira pamalo pamene kugawana mapulogalamu kunali ngati kupalana moto. Mnzako akabwera ndi phale m'mawa, sumufunsa kuti alipira zingati.

Koma mphepo inali itatembenuka kale. Mu 1976 Bill Gates anali atalemba kalata yodzudzula okonda makompyuta, kuti ambiri a iwo akumubera pulogalamu yake ya BASIC pomangokoperana. Makampani anali atazindikira kuti ndalama zili mu pulogalamu yotsekedwa. Choncho mu September 1983 Stallman analengeza ntchito ya GNU, yoti alembe mapulogalamu onse oyendetsa kompyuta amene sadzatsekeredwa munthu. Mu 1985 anayambitsa Free Software Foundation, ndipo mu 1989 inatuluka GPL imene abwana anu akuikakamirayo. Mfundo yake ndi yaifupi: tenga, gwiritsa ntchito, werenga, sintha, gawa, ngakhale kugulitsa kumene, koma ukamupatsa wina umupatse ndi source code yomwe, pamodzi ndi ufulu wonse umene iwe unalandira. Akale anati kupatsa n'kuika. GPL ndi mwambi womwewo, atangoulemba m'chinenero cha maloya.

Pano ife a Chichewa tili ndi mwayi umene Angerezi alibe. Iwo ali ndi liwu limodzi, free, pa zinthu ziwiri, ndipo akhala akusokonezana nalo kwa zaka 40. Ife timasiyanitsa ulere ndi ufulu popanda wotiphunzitsa. Ndikukhulupirira kuti pa tsiku lija, abwana anu ankanena za ufulu, inu n'kumamva za ulere, n'kumadabwa kuti nanga poti mwagawa kale mwaulere akufunanso chiyani.

Umboni woti si nkhani ya zaka zobadwa ulipo. Mkangano woyamba waukulu unali pakati pa anthu a msinkhu umodzi. Linus Torvalds anali atatulutsa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, mu 1991 ali mnyamata wa zaka 21 ku yunivesite ya Helsinki, ndipo mu 1992 anaiika pansi pa GPL. Pofika 1998, kampani ya Netscape itanena kuti itsegula source code ya browser yake, pulogalamu yoonera mawebusayiti, gulu lina linaona kuti mawu oti ufulu akuthawitsa amalonda. Christine Peterson anapereka dzina lakuti open source, kutanthauza source code yotseguka, ndipo Eric Raymond ndi Bruce Perens anayambitsa Open Source Initiative. Iwo ankati: tisamalalikire za chabwino ndi choipa, tiziwauza amalonda kuti pulogalamu yoonedwa ndi maso ambiri imakhala yolimba. Stallman anakana dzina latsopanolo ndipo mpaka lero amalikana. Komatu Stallman anabadwa mu 1953, Raymond mu 1957. Mawu anu akuti "ndimangofuna chinthu chigwire ntchito" ananenedwa kale ndi anthu amene lero ndi agogo.

Chimene abwana anu anaona ndi maso, inu n'kungochimva, ndi nkhondo imene inatsatira. Mu 1998 zinatuluka zikalata za mkati mwa Microsoft zokambirana mmene angalimbanirane ndi Linux. Mu 2001 mkulu wa kampaniyo, Steve Ballmer, anatcha Linux khansa, ndipo chimene ankadana nacho kwenikweni ndi GPL yomweyi. Mu 2003 kampani ya SCO inasumira IBM, n'kumaopseza kuti ogwiritsa ntchito Linux ayenera kuilipira. Munthu amene anali pa ntchito zaka zimenezo anaphunzira kuti laisensi si kapepala kokongoletsa, ndi mpanda. Akaona pulogalamu yopanda laisensi amaona munda wopanda malire.

Kuno kwathu nkhaniyi inali ndi mtundu wakewake, ndipo apa ndilankhula zimene ndinaona ndekha. Kunena zoona, ulere sunali chifukwa chokwanira choti munthu asankhe Linux, poti Windows ya crack, yokopera mozemba kulipira, inali ponseponse. Mnyamata wa pa kefe ankakuikira pamodzi ndi Office yomwe, iwe n'kumugulira Fanta. Amene ankasankha Linux anali ndi zifukwa zina. Changa choyamba chinali ma virus a pa flash, amene ankasandutsa mafoda onse a pa ofesi kukhala ma shortcut. Koma kuti uipeze Linux inali ntchito. Kukoka CD imodzi ya pafupifupi 700 MB pa intaneti ya nthawi imeneyo kunali kulota. Chimene chinatipulumutsa ndi Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mu October 2004. Kampani yake inkatumiza ma CD pa positi kulikonse padziko popanda kulipiritsa, mpaka 2011. Ndimakumbukira tsiku limene ndinatsegula bokosi la ku positi ofesi n'kupeza envelopu yonenepa, masitampa akunja, m'kati muli ma CD angapo okhala ndi chithunzi cha anthu atagwirana mozungulira. Ndinayenda nayo envelopuyo m'manja mpaka kunyumba, osaiika m'chikwama. Imodzi ndinasunga, enawo anayenda dzanja ndi dzanja mpaka anakalika osawerengekanso. Ndipo dzina lakelo sitinafunse tanthauzo, chifukwa ubuntu ndi umunthu wathu womwewu.

Chifukwa changa chachiwiri chinabwera mopweteka. Ndinkathandiza pa ofesi ya sukulu ina imene inagula pulogalamu yosungira mayina a ophunzira, fizi ndi zotsatira za mayeso. Wogulitsayo anali munthu mmodzi ndi kampani yake yaing'ono. Patapita zaka ziwiri anatseka n'kusamukira kunja, foni yake osagwiranso. Tsiku lina m'mawa pulogalamu ija inangolemba kuti laisensi yatha. Mayina onse anali m'kompyutamo, tikuiona fayilo yake ndi kukula kwake komwe, koma osatha kuitsegula. Mayi amene ankalandira fizi anakhala pampando, manja ali m'masaya, makolo atandanda pakhonde ndi malisiti awo. Zinatitengera milungu itatu kulembanso zonse kuchokera m'mabuku a malisiti, usiku ndi usiku, ndipo ana ena mbiri yawo ya teremu yathunthu sinapezekenso. Kuchokera pamenepo, ndikamva mawu oti ufulu wa mapulogalamu sindiganiza za MIT kapena Helsinki. Ndimaona mayi aja. Ndingadabwe kwambiri ngati abwana anu alibe nkhani yawo yofanana ndi imeneyi.

Tsono inu munabadwira m'dziko lina. Git, chida chosungira mbiri ya zosintha pa pulogalamu, inalembedwa mu 2005, GitHub inatsegulidwa mu 2008, ndipo chaka chomwecho inatuluka foni yoyamba ya Android, imene pansi pake pali Linux. Mu 2014 mkulu watsopano wa Microsoft, Satya Nadella, anaima pagulu n'kunena kuti Microsoft imakonda Linux. Mu 2018 kampaniyo inagula GitHub pa madola 7.5 biliyoni, ndipo mu 2019 IBM inamaliza kugula Red Hat, kampani ya Linux, pa madola 34 biliyoni. Kuyambira November 2017, makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko amayendera Linux. Inu pamene munkayamba kuphunzira, chilichonse chimene munafuna munachipeza pongolemba lamulo limodzi pa terminal, pamene munthu amalamulira kompyuta ndi mawu olemba. Palibe anakufunsani kuti mwasayina chiyani. N'zomveka kuti ulaliki wa abwana umamveka ngati tsobola wakale amene sawawa. Ndipo si inu oyamba: mu 2012 James Governor wa ku RedMonk, kampani yofufuza za mapulogalamu, anali atanena kale kuti achinyamata a nthawiyo sakusamala za laisensi, akungoponya zinthu pa GitHub basi.

Zimandikumbutsa mjigo. Amene anamwapo madzi a m'dambo, amene anasenza njerwa ndi mchenga tsiku lokumba, amakhala aukali akaona mwana akulendewera pa chogwirira. Mwanayo amangodabwa, poti iye anapeza madzi akutuluka. Ndipo fanizoli si lokokera, chifukwa mjigo wa Afridev umene uli m'midzi yathu yambiri unayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ukutchedwa Maldev, kenako anakaukonzanso ku Kenya. Mapulani ake si a kampani imodzi. Aliyense wodziwa akhoza kuupanga, ndipo anaupanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuutsegula ndi sipanala n'kusintha labala yakutha osadikira munthu wochokera kutauni. Ufulu umene abwana anu akunena ndi sipanala imeneyo.

Tsopano ku funso la laisensi lenilenilo. Pa mfundo yoyamba abwana anu akulondola, ndipo apa palibe za msinkhu. Pulogalamu yopanda laisensi siikhala ya aliyense. Malamulo a umwini wa zolemba amaisiya yonse m'manja mwa mwini wake, kotero wina akhoza kuiwerenga pa GitHub koma alibe chilolezo choigwiritsa ntchito, kuisintha kapena kuigawa. Bungwe losamala siliikhudza n'komwe. Munafuna kupatsa, koma mwalamulo simunapatse. Onaninso bwino kalata yanu ya ntchito, chifukwa chimene mwalemba pa nthawi ya ntchito nthawi zambiri mwini wake amakhala bungwelo, ndiye kusankha laisensi si kwanu nokha. Ndipo chonde, tsimikizani kuti m'mafayilo amene munakwezawo mulibe dzina la mwana aliyense kapena nambala ya foni ya mayi ake, ngakhale m'zimene munkayeserera. Git siiwala, chimene mwafufuta lero chimatsalabe m'mbiri yake.

Pa za MIT ndi GPL, apo ndiye pali kusankha kwenikweni. MIT imati tenga, chita nazo zimene ufuna, ungosunga dzina langa ndi chilolezochi. Wina akhoza kutenga kapulogalamu kanu, kukawonjezera, kukatseka, n'kukagulitsa ku chipatala chomwe chija osaonetsa zimene wasintha. GPL imakana kutsekako. Koma musalole munthu akuuzeni kuti laisensi zomasuka ngati MIT ndi za anthu osaganizira anzawo. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo kuno umasonkhanitsira malipoti a zipatala, yomwe ntchito yake imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo, ili pansi pa laisensi ya BSD, mbale wake wa MIT. OpenMRS, imene inayambira pa ntchito yosamalira odwala ku Eldoret ku Kenya mu 2004, ili pansi pa laisensi ya Mozilla, imene ili pakatikati. Zonsezi zatumikira odwala kwa zaka zambiri. Mukandifunsa ine, kachidutswa kakang'ono koti ena akalowetse m'mapulogalamu awo ndimaika MIT. Koma pulogalamu yathunthu imene zipatala zidzaidalire, ngati yanuyi, ndingaike GPL, chifukwa cha mayi aja a fizi.

Koma ndikanakhala wosalungama ndikanasiyira pamenepa, chifukwa pali zinthu zimene m'badwo wanu ukuziona bwino kuposa wathu.

Choyamba, loko anasamuka. GPL inalembedwa nthawi imene pulogalamu inkabwera pa disiki n'kukhala pa kompyuta yako, ndipo lamulo lake logawana limagwira ntchito pamene pulogalamu yaperekedwa kwa wina. Lero pulogalamu imakhala pa seva ya eni ake, inu mumangoigwiritsa ntchito kudzera pa intaneti, ndipo sanakupatseni kalikonse. Facebook ndi WhatsApp zamangidwa pamwamba pa zinthu zambiri zotseguka, koma inu simungazitsegule. Foni yanu ili ndi Linux m'kati, koma yesani kusintha zimene wopanga anaikamo muone. Laisensi ya AGPL ya 2007 inabwera kudzatseka mpata umenewu, koma makampani akuluakulu ambiri amangoizemba. Ndiye wachinyamata akafunsa kuti ufulu umene munapambanawo uli kuti, funso lake ndi loona, ndipo akuluakulu ambiri alibe yankho.

Chachiwiri ndi chimene chimandikhudza kwambiri: wokonza mjigoyo adya chiyani? M'badwo woyamba sunalifunse mokwanira funso limeneli. Ambiri a iwo anali m'mayunivesite olemera kapena pa malipiro abwino. Stallman mwiniwake analandira mphoto ya ndalama ya MacArthur mu 1990. Mu April 2014 litapezeka bowo la Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu imene inkateteza gawo lalikulu la mawebusayiti padziko, anthu anadzidzimuka kumva kuti zopereka zimene inkalandira zinali pafupifupi madola 2,000 pa chaka. Mu December 2021 vuto la Log4j, kachidutswa kopezeka m'mapulogalamu ambiri, linagwetsa makampani m'chipwirikiti, ndipo amene ankagona mochedwa kulikonza anali anthu ongodzipereka. Ya mu March 2024 ndiyo yomvetsa chisoni. Kapulogalamu kopanikiza mafayilo kotchedwa xz, kamene kali pafupifupi mu Linux iliyonse, kankasamalidwa ndi munthu mmodzi wotopa, amene ananena poyera kuti sakupeza bwino m'maganizo. Wina wodzitcha Jia Tan anabwera ngati wothandiza, anagwira ntchito mokhulupirika kwa zaka pafupifupi ziwiri mpaka anapatsidwa makiyi, kenako anabisamo khomo lolowera akuba. Anazindikira ndi Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, atadabwa kuti kulowa mu seva kukuchedwa ndi theka la sekondi. Laisensi inali bwinobwino. Chimene chinasowa ndi anthu omuthandiza munthu uja. Inu amene mukulipira lendi, kugula bandulo, ndiponso kutumiza kangachepe kumudzi, mukafunsa kuti nthawi yodzipereka muitenga kuti, simukusowa umunthu. Mukufunsa funso limene anthu a m'makomiti a mijigo amalidziwa bwino: madzi ndi a tonse, koma labala ikatha wina ayenera kusonkha.

Chachitatu ndi kalankhulidwe. Magulu akale ambiri anali aukali, munthu ukalakwitsa pang'ono unkatukwanidwa pamaso pa dziko lonse, ndipo ankati ndiko kusunga muyezo. Amayi ambiri ndi anthu ochokera kumayiko ngati athu ankangotembenuka n'kuchoka mwakachetechete. Ndi achinyamata amene anakakamira kuti zisinthe, ndipo mu September 2018 Torvalds mwiniwake anapepesa chifukwa cha kalankhulidwe kake, anapuma kwa mwezi, ndipo Linux inalandira malamulo a khalidwe. Khomo lotseguka pa pepala koma lokhala ndi galu wolusa pakhonde si lotseguka kwenikweni, ndipo inu monga mayi pa ntchito imeneyi mwina mwazilawa kale.

Ndikuonanso kuti m'badwo wanu wayamba kumanidwa nawonso. Mu August 2023 kampani ya HashiCorp inasintha laisensi ya pulogalamu yake ya Terraform kukhala yoletsa opikisana nayo, ndipo mu March 2024 kampani ya Redis inachita zofanana ndi pulogalamu yake. Anthu ambiri amene sanawerengepo laisensi chibadwire anayamba kuziwerenga sabata imeneyo. Chimene chinawapulumutsa n'chakuti zimene zinatuluka kale pansi pa laisensi yakale sizikanabwezedwa, ndiye anazitenga n'kupitiriza paokha, OpenTofu n'kubadwa kuchokera ku Terraform, Valkey kuchokera ku Redis. Palinso nkhani ya GitHub Copilot, pulogalamu ya nzeru zopanga yothandiza kulemba mapulogalamu, imene inaphunzitsidwa ndi mapulogalamu a anthu a pa GitHub ndipo inafika kukhoti mu 2022. Kapulogalamu kanu kali pamalo omwewo.

Ndiye Lolemba mukapita kuntchito, musayambe ndi MIT kapena GPL. Dikirani nthawi ya tiyi, muwafunse mwaulemu kuti, "Bwana, kodi ndi pulogalamu iti imene inakutsekeranipo panja?" Mudzamva dzina lake, chaka chake, ndi amene anavutika. Akamaliza, inunso muwafotokozere za xz, kenako muwafunse kuti inu mukadzachoka pa bungwelo adzasamale kapulogalamuka ndani, ndipo bungwe lingapatule maola angati pa mwezi kuti kazikonzedwa. Zimene mugwirizane muzilembe mu README, fayilo yofotokoza za pulogalamuyo, pafupi ndi fayilo ya LICENSE.

Mukamaliza munditumizire link. Ndikufuna ndione mmene mwawerengera masiku a katemera wa mwana amene wadumpha mwezi, chifukwa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kwathu alangizi a zaumoyo amawerengabe ndi zala pa kalendala ya pakhoma, ndipo mmodzi wa iwo ali ndi foni ya Android imene ingathe kunyamula kapulogalamu kanu.